Ziwerengero zinandisinthira kafukufuku ali pakati: zomwe ndinakumana nazo pofufuza za ngongole za mayiko osauka

Mu 2021 ndinasankha mutu wa kafukufuku wa digiri yanga yapamwamba ya zachuma, ndipo mutuwo unali wa ngongole za mayiko osauka. Nthawi imeneyo aliyense wotsatira nkhani zachuma ankangokamba za ngongole. Mliri wa Covid-19 unali utapukuta matumba a maboma. Kuyambira mu Meyi 2020 mayiko a G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, analola kuti mayiko osauka ayambe aima kaye kubweza ngongole zina, ndipo mu Novembala chaka chomwecho dziko la Zambia linalephera kulipira amene anagula mabondi ake, zikalata zimene boma limagulitsa pokongola ndalama. Mwezi womwewo a G20 anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Common Framework, yoti dziko lolemedwa lizikambirana ndi olikongoza onse pamodzi. Funso limene linali pakamwa pa aliyense linali lakuti, kodi dziko likakhululukidwa ngongole, osauka a m'dzikomo amapindula nazo, kapena phindu limathera m'mwamba momwemo?

Ine ndinkaona ngati yankho lili pafupi, poti zoterezi zinachitikapo kale. Mu 1996 bungwe la IMF ndi Banki Yaikulu ya Padziko Lonse anayambitsa ndondomeko ya HIPC, yokhululukira ngongole mayiko osauka olemedwa nazo, n'kuikulitsa mu 1999. Mu 2005 atsogoleri a G8, gulu la mayiko asanu ndi atatu amphamvu, atakumana ku Gleneagles ku Scotland anagwirizana zowonjezerapo ina, ya MDRI. Ziwirizi pamodzi zinafafaniza ngongole zoposa madola 100 biliyoni. Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti mayikowo sanamalize ndondomekoyi nthawi imodzi. Uganda inamaliza mu 2000, Bolivia, Mozambique ndi Tanzania mu 2001, Ghana mu 2004, Zambia mu 2005, Liberia mu 2010, Chad mu 2015. Kwa wophunzira zachuma zimenezi zimaoneka ngati mwayi wosowa, chifukwa ukhoza kuyerekezera mayiko amene akhululukidwa kale ndi amene akudikirabe, chaka ndi chaka, n'kuona ngati umphawi ukutsika msanga kwa oyambawo. Njira imeneyi imatchedwa difference-in-differences, ndipo tinali titaiphunzira m'kalasi. Ndinkaidziwa, kapena tinene kuti ndinkadziwa mmene inkaphunzitsidwira zaka zam'mbuyomo.

Aphunzitsi amene ankandiyang'anira anavomera mutuwo, koma anandifunsa funso limodzi: "Ziwerengero za umphawizo, mwaonetsetsa kuti zikuchokera kwa anthu amene anapitadi m'makomo kukafunsa?" Ndinayankha kuti ee, poti zinali za Banki Yaikulu. Funsolo linali lozama kuposa mmene ndinalimvera, ndipo linadzandipeza patatha zaka ziwiri.

Kumayambiriro kwa 2022 ndinatsitsa ziwerengero zonse pa intaneti. Za umphawi ndinazitenga pa chida chimene panthawiyo chinkatchedwa PovcalNet, pogwiritsa ntchito mlingo wa $1.90 pa tsiku, umene unakhazikitsidwa mu 2015, woti munthu wosafika pamenepo aziwerengedwa ngati wosauka. Za ngongole ndi za GDP, kutanthauza chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, ndinazitenga mu World Development Indicators. Chizolowezi changa chinali chakuti ndikatsitsa fayilo yatsopano, ndinkaisunga ndi dzina lomwelo, yakale n'kufufutika. Ngati mukungoyamba kumene ntchito yotereyi, chinthu choyamba kuchita musanawerengere kalikonse ndi ichi: fayilo iliyonse imene mwatsitsa muilembe tsiku, muiike pamalo pake yokha, ndipo musamaikhudzenso. Zosintha zonse muzizichitira mu pulogalamu yolembedwa, osati ndi dzanja mu Excel. Zikumveka ngati zazing'ono, koma theka la mavuto amene ndikufotokoze pansipa linachokera pomwepa.

Zotsatira zoyamba zinali zokongola. Umphawi unkaoneka kuti ukutsika mofulumira dziko likangomaliza HIPC, ndipo pambali pa nambala yanga panali nyenyezi zitatu. Amene anawerengapo mapepala a zachuma akudziwa nyenyezi zimenezi, tizizindikiro tosonyeza kuti zimene wapezazo n'zokayikitsa kuti zangochitika mwamwayi. Tsiku limenelo ndinalephera kugona chifukwa cha chimwemwe. Ndinkakhulupirira kale kuti kukhululukira ngongole n'chilungamo, ndiye apa ziwerengero zinali zitandivomereza.

Pakati pa chaka chomwecho ndinakapereka zotsatirazo pa msonkhano wa ophunzira ndi akatswiri. Nditamaliza, mayi wina wa ku bungwe lina lomenyera kuti mayiko osauka akhululukidwe ngongole anandipeza panja n'kunena kuti, "Achimwene, nambala yanu ija ndi imene takhala tikuisowa. Tingaiike m'chikalata chathu?" Ndinawatumizira tsamba lomwelo madzulo ake. Kunena zoona mtima unakoma kuona kuti ntchito yanga ikufunidwa ndi anthu ogwira ntchito zenizeni. Chimene ndikanakonda kudziwa panthawiyo n'chakuti nambala ikangotuluka m'manja mwako imayenda yokha, ndipo mawu onse ochenjeza amene unawalemba m'munsi mwake amatsalira m'mbuyo.

Mu Sepitembala 2022 Banki Yaikulu inasintha mlingo wa umphawi wadzaoneni kuchoka pa $1.90 kufika pa $2.15. Kusinthaku kunali koyenera ndipo kunalengezedwa nthawi ikadalipo. Mlingo umenewu suwerengedwa ndi mtengo wa dola wa kumalo osinthira ndalama. Umawerengedwa potengera zimene ndalama ya dziko lililonse ingagule m'dzikomo, ndipo mitengo yake imasonkhanitsidwa ndi ntchito yotchedwa International Comparison Program. Mlingo wa $1.90 unkatsamira pa mitengo ya 2011, pamene wa $2.15 unatsamira pa ya 2017. Chiwerengero cha osauka padziko lonse sichinasinthe kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri sanadere nkhawa. Koma dziko lililonse palokha linasuntha mwa njira yake, lina kukwera, lina kutsika, ndipo kafukufuku wanga ankadalira dziko lililonse palokha.

Aphunzitsi anandiuza kuti ndigwiritse ntchito mlingo watsopano, poti owunika, akatswiri amene amayesa pepala lisanasindikizidwe m'magazini, sadzalandira wakale. Ndinatsitsanso ziwerengero, tsopano pa Poverty and Inequality Platform, imene inali italowa m'malo mwa PovcalNet chaka chomwecho. Nditayendetsa pulogalamu yanga, nambala ija inachepa, ndipo nyenyezi ziwiri zinasowa. Ndinakhala chete kutsogolo kwa kompyuta, m'mimba mukutentha. Chowawa sichinali kuchepa kwa nambalayo ayi. Chowawa chinali chakuti sindinkatha kudziwa chimene chaichepetsa. Kodi unali mlingo watsopano? Kodi anali mafukufuku a m'makomo amene anawonjezeredwa? Kapena ndi zimene ndinasintha ndekha m'miyezi yapakatiyo? Fayilo yakale panalibe yoti ndiyerekezere nayo.

Pamenepa panapita masabata ambiri opanda phindu. Ndinapeza kuti chida chatsopanocho chinkalolabe kusankha mitengo ya 2011, koma ngakhale nditatero sindinabwerere ndendende pa nambala yoyamba, chifukwa nthawi iliyonse imene ziwerengerozi zikukonzedwa amawonjezeramo mafukufuku atsopano ndi kukonza zolakwika zakale. Pambuyo pake ndinadzaphunzira kuti mabungwe aakuluwa amasunga ziwerengero zawo zam'mbuyo. World Development Indicators ili ndi nkhokwe ya zakale, IMF imatulutsa ziwerengero za World Economic Outlook mu Epulo ndi mu Okutobala ndipo zakale zimapezekabe, nayonso Poverty and Inequality Platform imalola kutchula mtundu wa ziwerengero umene ukufuna. Koma zonsezi zimathandiza munthu amene akudziwa tsiku limene anatsitsa zake.

Ndikufukula choncho ndinakumana ndi nkhani ina imene inandidzidzimutsa. Mu Novembala 2010 dziko la Ghana linasintha chaka choyambira powerengera GDP, kuchoka pa 1993 kufika pa 2006, ndipo chuma chake chinakula ndi maperesenti oposa 60 papepala, popanda fakitale ngakhale imodzi yomangidwa usiku umenewo. Nigeria inachita chimodzimodzi mu 2014, GDP yake n'kutsala pang'ono kuwirikiza, mpaka kupitirira ya South Africa. Palibe chinyengo apa, kungoti ntchito zatsopano monga za mafoni sizinkawerengedwa mokwanira. Koma taganizani za munthu amene akuyeza kulemera kwa ngongole poigawa ndi GDP. Nambala ya pansi ikakula, ngongole imaoneka yopepuka, chonsecho palibe yemwe wabweza kalikonse. Ngati ziwerengero za zaka zam'mbuyo sizinakonzedwe mofanana, pamakhala phompho pakati pa mzere wako, ndipo kompyuta imaliwerenga ngati chinthu chimene chinachitikadi. Mukamagwira ziwerengero za mayiko ambiri, jambulani mzere wa dziko lililonse palokha, muuyang'ane ndi maso, ndipo pamene walumpha modabwitsa mufufuze chifukwa chake musanapitirire.

Ngakhale zinali choncho, nyenyezi imodzi inali ikadalipo, ndipo kumayambiriro kwa 2023 tinatumiza pepalalo ku magazini ina ya akatswiri a zachuma. Panali ndalama yolipira potumiza, imene sabweza ngakhale akukane. Kenaka kunali kudikira. Magazini a zachuma amadziwika ndi kuchedwa, moti Glenn Ellison analembapo kafukufuku wathunthu mu 2002 wosonyeza mmene nthawi yodikira inakulira pa zaka makumi angapo. Kudziwa zimenezi sikuchepetsa nkhawa. M'mawa uliwonse ndinkatsegula imelo ndisanasambe n'komwe. Nthawi imeneyo ndikanaigwiritsa ntchito kuwerenga zatsopano za njira yanga, koma ndinkaona ngati ntchito yatha.

Yankho linabwera chaka chili kumapeto. Anakana. Wowunika woyamba analemba zochepa, zaulemu koma zosathandiza. Wachiwiri analemba masamba angapo, ndipo ngakhale sindimudziwa dzina, ndi amene anandiphunzitsa kwambiri pa zaka zonse za maphunzirowa. Tsiku loyamba ndinamukwiyira. Tsiku lachitatu ndinayamba kuwerenga mofatsa.

Mfundo yake yoyamba inali funso lija la aphunzitsi. Umphawi suyezedwa chaka chilichonse. Umayezedwa boma likatumiza anthu m'makomo kukafunsa zimene banja lagula ndi kugwiritsa ntchito, ndipo ntchito imeneyi ndi yodula, moti m'mayiko ambiri osauka imachitika kamodzi pa zaka zingapo. Pofuna kuwerengera osauka a padziko lonse chaka chilichonse, zaka zopanda kafukufuku zimadzazidwa ndi kuyerekezera, potengera mmene chuma cha dzikolo chakulira. Zimenezi n'zomveka pa cholinga chimenecho, ndipo zinalembedwa poyera m'malangizo a ziwerengerozo. Ine ndinali nditatenga mzere wodzazidwawo wonse. Choncho pa zaka zambiri za m'kafukufuku wanga, chimene ndinkachitcha kutsika kwa umphawi chinali kukula kwa GDP chabe kovala dzina lina. Sindinkayeza osauka. Ndinkayeza chuma cha dziko, n'kumaganiza kuti chagawidwa mofanana kwa onse, pamene funso langa lenileni linali lomwelo lakuti kodi chimafika kwa osauka.

Nditachotsa zaka zoyerekezerazo n'kusiya za kafukufuku weniweni, tebulo langa linaphwa. Mayiko ena anali ndi mafukufuku awiri kapena atatu okha pa nthawi yonseyo. Ena analibe ngakhale mmodzi wa nthawi imene ngongole inali isanakhululukidwe, makamaka amene anali pa nkhondo. Kuwonjezera apo, mafukufuku awiri a dziko limodzi sakhala ofanana nthawi zonse. Ukapatsa banja kabuku koti lizilembamo zogula tsiku ndi tsiku umapeza yankho losiyana ndi ukalifunsa kuti likumbukire za sabata yatha, ndipo mndandanda wa katundu wofunsidwa ukatalika, anthu amaoneka olemererapo. Ziwerengero za Banki Yaikulu zimasonyeza mafukufuku amene angayerekezeredwe ndi amene sangayerekezeredwe. Yang'anani chizindikiro chimenecho.

Mfundo yachiwiri inali ya njira yanga yowerengera, ndipo apa ndifotokoze mofatsa chifukwa ambiri akugwabe pomwepa. Njira yachikale ya difference-in-differences, pamene mayiko alandira thandizo pa zaka zosiyana, imasakaniza kuyerekezera kwa mitundu ingapo popanda kukuuza. Imayerekezera olandira ndi amene sanalandire, zimene zili bwino. Koma imatenganso dziko limene linalandira kale, monga Uganda, n'kuliika ngati muyezo wa dziko lolandira mochedwa, monga Liberia. Ngati phindu la kukhululukidwa ngongole limakula pang'onopang'ono ndi zaka, ndiye kuti Uganda ikusinthabe chifukwa cha thandizo lomwelo pa nthawi imene ikugwiritsidwa ntchito ngati dziko losakhudzidwa. Zikatero nambala yomaliza imatha kuchepa, kukula, ngakhale kutembenuka n'kuloza kwina. Vutoli linafotokozedwa bwino ndi Clément de Chaisemartin ndi Xavier D'Haultfœuille mu 2020, komanso Andrew Goodman-Bacon mu 2021. Chaka chomwecho Brantly Callaway ndi Pedro Sant'Anna, ndiponso Liyang Sun ndi Sarah Abraham, anatulutsa njira zolipewera. Zonsezi zinali zitasindikizidwa ine ndisanatsitse ngakhale fayilo imodzi. Manotsi a m'kalasi amatsalira m'mbuyo zaka zingapo, ndiye musanasankhe njira, fufuzani zimene zalembedwa za njirayo pa zaka zisanu zapitazi.

Mfundo yachitatu inali yovuta kwambiri chifukwa palibe pulogalamu yoikonza. Mayiko sanamalize HIPC pa zaka zosiyana mwangozi. Kuti dziko lifike pomaliza linkayenera kutsatira bwino ndondomeko ya IMF, kulemba dongosolo lochepetsera umphawi ndi kuligwiritsa ntchito kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Amene anamaliza msanga anali mayiko amene boma linkayenda kale bwinoko. Ochedwa ambiri anali otuluka m'nkhondo. Ndiye umphawi ukatsika msanga ku mayiko oyambawo, tinena kuti ndi ngongole kapena ndi mtendere? Komanso thandizo linkayamba pang'ono dziko likangovomerezedwa kulowa m'ndondomekoyi, zaka zingapo lisanamalize, choncho tsiku loyambira kuwerengera silodziwikiratu. MDRI nayo inagwera mayiko ambiri nthawi imodzi mu 2006, pa nyengo imene mitengo ya mkuwa, mafuta ndi golide inali kukwera pa msika wa dziko lonse. Zinthu zitatu zikachitikira pamodzi, kulekanitsa dzanja la chimodzi n'kovuta.

Ndinapita kwa aphunzitsi ndili wokonzeka kusiya. Anawerenga ndemangazo osayankhula, kenaka anati, "Munthu ameneyu wakuchitirani chifundo. Akanangolemba mizere iwiri ngati mnzakeyo, bwenzi mukutumiza pepala lomweli kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso lanu lichepetseni mpaka lifike pamene ziwerengero zingaliyankhe."

Za mtengo wake ndinene mosabisa. Maphunziro anatalika ndi chaka chathunthu. Thandizo la ndalama limene ndinali nalo linatha pa nthawi yake, poti silidikira owunika, ndiye fizi ya chaka chowonjezeracho ndinaifuna ndekha, mbali ina mochita kukongola. Ndinayamba kugwira ntchito zina masana, kafukufuku n'kumachita usiku. Chilolezo cha pulogalamu yowerengera ya Stata chimene ndinkagwiritsa ntchito chinatha, ndipo m'malo molipiranso ndinasamukira ku R, imene ndi yaulere. Kusamukako kunandidyera miyezi, chifukwa ndinkaphunzira chida chatsopano ndi njira yatsopano nthawi imodzi. Ndikanayambira pa R chiyambire, bwenzi zitapepuka. Anzanga amene tinayambira limodzi anamaliza n'kupeza ntchito, ndipo mafunso a abale akuti "mumaliza liti" ndinafika pomawathawa.

Panatsala nkhani ya mayi a ku bungwe aja. Ndinazengereza kuwalembera, manyazi atandigwira. Chimene chinandikankha ndi nkhani imene aliyense wofufuza za ngongole amaidziwa. Mu 2010 Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff anatulutsa pepala losonyeza kuti ngongole ya boma ikapitirira maperesenti 90 a GDP, chuma chimasiya kukula. Nambala imeneyo inatchulidwa ndi andale a ku Ulaya ndi ku America pofuna kuchepetsa ndalama zimene maboma amagwiritsa ntchito. Mu 2013 wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, pamodzi ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin, atapatsidwa fayilo ya Excel ya kafukufukuyo anapeza kuti mayiko asanu, Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark, anatsala kunja kwa kuwerengera, komanso panali zosankha zina zokayikitsa. Atakonza, chuma cha mayiko a ngongole zazikuluwo chinapezeka kuti chinkakula ndi maperesenti 2.2 pa chaka, osati kutsika ndi 0.1. Koma zaka zitatu zinali zitadutsa nambalayo ikugwira ntchito. Yanga inali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, koma njira yoyendera ndi yomweyo.

Ndinawalembera kuti nambala ija asaigwiritsenso ntchito, ndipo ndinafotokoza zifukwa. Anayankha mwaulemu koma mokhumudwa. Chikalata chinali chitasindikizidwa kale, ndipo anangolonjeza kuichotsa pa chimene chili pa intaneti. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga tinene kuti sizinathandize?" Ndinayankha kuti ayi, zimenezonso sindinganene. Kulephera kupeza umboni wa chinthu n'kosiyana ndi kupeza umboni wakuti chinthucho kulibe. Ndinaona kuti yankho limeneli silinawakwanire, ndipo sindikuwaimba mlandu. Opanga mfundo ndi omenyera ufulu amafuna nambala imodzi yoti anene pa msonkhano, pamene kafukufuku woona mtima kawirikawiri amatulutsa malire awiri otalikirana, a pansi ndi a pamwamba, amene yankho lingakhale pakati pake. Lero munthu akandipempha zotsatira zimene sizinawunikidwe ndimamupatsa malire onse awiri, ndipo ndimamupempha kuti andionetse chiganizo chimene adzalembe asanasindikize. Muzichitanso chimodzimodzi powerenga ntchito za ena. Mapepala ambiri otchuka, ngakhale a ku NBER, bungwe la kafukufuku wa zachuma la ku America, amatuluka asanadutse kwa owunika, ndipo nambala za m'pepala loyamba sizikhala zofanana nthawi zonse ndi za m'pepala lomaliza.

Mu 2024 ndinayambanso. Ndinagwiritsa ntchito njira ya Callaway ndi Sant'Anna, imene imayerekezera gulu lililonse la mayiko ndi okhawo amene anali asanalandire thandizo pa chaka chimenecho. Njirayi ndi yoona mtima, ndipo kuona mtima kwakeko kumapweteka, chifukwa imakusonyeza kuchepa kwa mayiko oti uyerekezere nawo. Mwa mayiko 39 amene anali oyenera kulowa mu HIPC, 36 anali atamaliza pofika 2015, ndipo Somalia inamaliza mu Disembala 2023. Otsala ndi Sudan ndi Eritrea basi. Pa zaka zakumapeto, muyezo wako umakhala mayiko awiri kapena atatu amene mbiri yawo sifanana ndi ya wina aliyense.

Funso ndinaligawa patatu. Loyamba, kodi ndalama zobwezera ngongole chaka ndi chaka zinatsika? Apa yankho linali lomveka, zinatsikadi, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi zimene ena anapeza kale. Lachiwiri, kodi maboma anawonjezera ndalama za zaumoyo ndi zamaphunziro? Zizindikiro zinkaloza komweko, koma malire ake anali otakata. Lachitatu, la umphawi, limene linandikokera ku ntchito yonseyi, ndinalemba kuti ziwerengero zimene zilipo sizikwanira kuliyankha ndi njira imeneyi, n'kusonyeza dziko ndi dziko pamene mafukufuku akusowa. Chodabwitsa n'chakuti gawo limeneli ndi limene oyesa mayeso anga analikonda kwambiri.

Amene mukufuna kufufuza za ngongole za masiku ano, dziwani kuti nthaka yake ndi yoterera kuposa ya HIPC. Nthawi imeneyo okongoza ambiri anali maboma a mu Paris Club, gulu la mayiko olemera okongoza, ndi mabungwe aakulu, amene mabuku awo ndi odziwika. Lero muli China, muli ogula mabondi, muli mabanki a anthu wamba. Mu 2016 zinaululika kuti Mozambique inali ndi ngongole zoposa madola biliyoni imodzi zimene sizinalengezedwe, ndipo Sebastian Horn, Carmen Reinhart ndi Christoph Trebesch anasonyeza mu 2019 kuti gawo lalikulu la ngongole zochokera ku China silinkaoneka m'ziwerengero zodziwika. Mayiko amene apempha thandizo pansi pa Common Framework ndi ochepa, Chad, Ethiopia, Zambia ndi Ghana, moti kuwerengera kwa mtundu umene ndinayesa ine sikungatheke n'komwe. Pamenepo kufufuza dziko limodzi mozama kumapindulitsa kuposa kuunjika mayiko mu tebulo.

Pokonzekera kutumiza pepala latsopano ndinatsatira lamulo limene magazini a American Economic Association anakhwimitsa mu 2019, loti wolemba apereke ziwerengero ndi pulogalamu yake kuti ena aziyendetse n'kuona ngati zikutulutsa zomwezo. Magazini ambiri tsopano akufuna zofanana. Ndinapempha mnzanga kuti ayendetse zonse pa kompyuta yake ine kulibe. Zinakanika pa mzere woyambirira, chifukwa pulogalamu inkafuna fayilo imene inali pa kompyuta yanga yokha. Tinakonza, ndipo ulendo wotsatira zinayenda mpaka kumapeto.

Mu Juni 2025 mlingo wa umphawi unasinthanso, kuchoka pa $2.15 kufika pa $3.00, potengera mitengo ya 2021 ndi milingo yatsopano ya mayiko osauka eni ake. Chiwerengero cha anthu a mu umphawi wadzaoneni mu 2022 chinachoka pa 713 miliyoni kufika pa 838 miliyoni, anthu ake omwewo, chaka chake chomwecho. Pepala langa linali lili kale m'manja mwa magazini yachiwiri. Ndinatsitsa ziwerengero zatsopano, kuzilemba tsiku, kuziika pambali pa zakale, n'kuyendetsa pulogalamu pa milingo yonse iwiri. Ntchitoyo inatha tsiku lomwelo, ndipo yankho la funso lachitatu silinasinthe. Ndinatumiza tebulo lowonjezeralo kwa mkonzi, amene anayankha kuti alipereka kwa owunika. Digiri ndinalandira. Pepalalo likadali komweko, ndipo ngongole ya fizi ija ndikubwezabe.